Mabedi a alendo m'dimba langa la ku Bembeke

6 Epulo

Mvula yasiya, madzi a m'dambo ayamba kutsika, ndipo anthu tatsikira kumadimba. Chaka ndi chaka nthawi ngati ino ndimafesa zomwezomwezo: repu, chainizi, mpiru, kabichi, anyezi ndi tomato pang'ono. Ulendo uno ndapatula mabedi 7 kufupi ndi chitsime kuti ndiyese ndiwo zimene sindinalawepo chibadwire.

Mwezi watha ndinapita ku Lilongwe kukagula mbewu ya anyezi. Pashelefu panali timapaketi tambiri tochokera ku South Africa, ndipo maso anga anakodwa pa chithunzi cha chinthu chonga mpira wobiriwira, masamba akutuluka m'mbali mwake ngati mikono. Nditafunsa mnyamata wogulitsa kuti chimaphikidwa bwanji, anati, "Mayi, ndisakunamizeni, inenso sindinadyepo." Ndinagula paketiyo pamodzi ndi ena 6. Ndiye ndili ndi kohlrabi (wonga mpira uja), bitiruti, Swiss chard, radishi, burokoli, liki ndi fennel. Bitiruti ndi burokoli ndinaziwonapo m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni, koma pakamwa panga sizinafikepo. Zinazo ngakhale maina ndawamva koyamba.

Chimene chikundidetsa nkhawa si kulima ayi, khasu ndimalidziwa. Nkhwani zala zanga zimadziwa zokha kuti nsonga iyi yafika pothyola, tsamba ili lakhwima. Chimanga ndimangofinya ndi chikhadabo. Koma chinthu chimene sudziwa kukoma kwake, udziwa bwanji kuti nthawi yake yakwana? Ukachilawa n'kupeza chikuwawa, ungadziwe bwanji ngati ndi chilengedwe chake kapena wachedwa nacho ndiwe? N'chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse, tsiku ndi tsiku lake.

Amayi atawona timapaketito anangoti, "Mwanawe, safunsa anadya phula. Mlendo akafika pamudzi timayamba tamufunsa mfunda wake." Mawu amenewo ndawatenga ngati njira yogwirira ntchitoyi.

13 Epulo

Sabata yonseyi madzulo ndakhala pa foni ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, kufufuza mfunda wa mlendo aliyense. Zimene tapeza zandilimbitsa mtima.

Kohlrabi ndi burokoli ndi abale a bere limodzi ndi kabichi. Onse atatu dzina lawo la sayansi ndi limodzi, Brassica oleracea, kungoti alimi akale ena ankasankha mbewu yonenepa masamba, ena yonenepa maluwa, ena yonenepa tsinde. Dzina loti kohlrabi ndi la Chijeremani. Radishi ali m'banja lomwelo, ngati msuweni wa mpiru. Liki ndi mbale wa anyezi ndi adyo. Fennel ndi wa kwa karoti. Chondidabwitsa kwambiri ndi bitiruti ndi Swiss chard: awiriwa ndi mbewu imodzi, Beta vulgaris, wina analimidwira muzu, wina masamba, ndipo banja lawo ndi la bonongwe, bonongwe yemweyu amene amamera yekha pakhola.

Kuseri kwa paketi iliyonse kuli ndondomeko ya miyezi yofesera, koma ndi ya zigawo za ku South Africa. Ndaisiya. Mbale wa kabichi ndimusamala ngati kabichi, mbale wa anyezi ngati anyezi. Kuno ku Dedza kuzizira kumayamba Meyi mpaka Ogasiti, ndipo alendo onsewa akuti amakonda kozizira.

14 Epulo

Ndafesa kohlrabi, burokoli ndi liki panazale. Mizere yotalikirana masentimita 10, kuya kwake sentimita imodzi, kenaka ndaphimba ndi udzu wouma. Mabedi enawo ndagaula. Lililonse ndi lotalika mamita 3, mulifupi mita imodzi. Mwa abale a kabichi ndathira ndowa 2 za manyowa a ng'ombe owolerana pa bedi. Mwa bitiruti, radishi ndi fennel ndangothira kompositi wa chaka chatha, chifukwa karoti anandiphunzitsa kale kuti manyowa aawisi amachititsa muzu kukhala ndi mphanda. Bedi la bitiruti ndawazamo phulusa, popeza akuti sakonda dothi la asidi wambiri.

23 Epulo

Kohlrabi ndi burokoli anamera pa tsiku lachisanu. Timasamba tiwiri toyamba sitisiyana m'pang'ono pomwe ndi ta kabichi, moti ndikanapanda kuzika timitengo tolemba maina, sindikanadziwa uyu ndi uti. Liki wangoyamba kutuluka, wopindika ngati ulusi, monga achitira anyezi.

Lero ndadzala bitiruti, Swiss chard, radishi ndi fennel pamabedi pomwepo. Njere za bitiruti ndi za chard n'zokhakhala ngati timiyala ta nsangalabwi toswekasweka. Ndinazinyika m'madzi usiku wonse.

Bambo wa dimba loyandikana ndi langa anaima n'kumandiyang'ana. "Mayi, madzi onsewa mukutungira zinthu zoti simudziwa n'komwe ngati zimadyera nsima?" Funso lawo ndi lomveka. Bedi lililonse limamwa makeni 2 m'mawa, ndipo msana wake ndi wanga womwewu. Koma ndinawakumbutsa kuti tomato amene iwo amadalira, chimanga, chinangwa, mtedza, ngakhale maungu amene amatipatsa nkhwani, zonsezi kwawo kwenikweni ndi ku America. Zinawoloka nyanja zaka mazana apitawo, ndipo panali munthu woyamba pamudzi wina amene anazidzala asanazilawe. Anaseka n'kunena kuti adzabwera kudzalawa.

4 Meyi

Radishi anamera pa masiku 4 okha. Bitiruti watenga masiku 9, ndipo wandidabwitsa: pamene ndinaika njere imodzi patuluka mbande 2, pena 3, pena mpaka 4. Poyamba ndinkaganiza kuti dzanja linandipulumuka podzala. Zoona zake n'zakuti chimene timachiyesa njere ya bitiruti ndi kachipatso kouma kokhala ndi njere zingapo m'kati. Ndiye kupatulira n'kosathawika. Ndasiya mbande imodzi pa masentimita 10 aliwonse, chard pa masentimita 30, radishi pa masentimita 5. Timitengo ta mbande za bitiruti n'tofiira ngati ta bonongwe wofiira uja.

Fennel wamera wothithikana mbali imodzi, mbali ina pali mipata. Masamba ake ndi nthenga zokhazokha. Zopatulirazo ndinachita nazo chisoni kutaya, ndiye ndaziwokera m'mipatamo.

13 Meyi

Ndawokera kohlrabi 36 pa masentimita 25, ndi burokoli 12 pa masentimita 45. Ndinachita madzulo dzuwa litapepa, monga timachitira ndi kabichi.

16 Meyi

Mbande 5 za kohlrabi ndazipeza zitagona, zodulidwa m'munsi ngati ndi lumo. Ndi mbozi zija zimabisala m'dothi masana n'kumadula usiku. Ndafukula ndi chala mozungulira phando lililonse ndipo ndapeza 7, zitadzipinda ngati mphete. Ndapakiza ndi mbande zotsala panazale, n'kuzunguliza phulusa.

22 Meyi

Kulawa koyamba. Radishi wakwanitsa masiku 29 ndipo mapewa ake ofiira atulukira pamwamba pa dothi. Ndinazula 10, kukula kwake ngati dzira la nkhunda kapena kupitirirako pang'ono. Kunja psuu, m'kati mbee.

Tinakhala pakhonde tonse, ine, abambo a ana, amayi ndi ana awiri. Ndinadula tizidutswa. Pamano amalira ngati mbatata yaiwisi, madzi ambiri, kenaka pamabwera kuyabwa kokwera m'mphuno. Wamng'ono analavula. Amayi anatafuna mwakachetechete, kenaka anati, "Uyu ndi mpiru, wangobisala pansi." Ananena zoona, chifukwa kuyabwa kwa radishi ndi kwa mpiru gwero lake ndi mankhwala a mtundu umodzi amene banja lonseli limapanga podziteteza ku tizilombo.

Vuto ndi lakuti radishi amadyedwa wamuwisi, ndipo ife nsima sitidyera zaziwisi. Ndinamudula mopyapyala n'kusakaniza ndi tomato, anyezi, mchere ndi mandimu, monga saladi wa pachiwaya, ndipo ndi tchipisi anayenda bwino. Nditamukazinga, kuyabwa konse kunathawa, kunatsala chinthu chofewa chopanda nkhani. Koma masamba ake! Ali ndi timinga ngati nkhwani, ndipo nditawaphika ndi tomato monga mpiru, mbale inayera. Pa paketi sanalembepo chilichonse za masamba.

1 Juni

Radishi amene ndinamusiya m'dothi masiku 10 owonjezera wakula ngati dzira la nkhuku, koma m'kati wasanduka chinkhupule, ndipo kuyabwa kwachita kuwirikiza. Ndikanayamba kulawa ameneyu, ndikanati radishi ndi chinthu choipa. Kuyambira lero, mbewu iliyonse ndiziilawa katatu: isanafike msinkhu wolembedwa pa paketi, itafika, ndiponso itapitirira. Lilime lidziwe malire ake lokha.

Ndasiya mitengo 6 ya radishi kuti ichite maluwa.

5 Juni

Wachibale wa kabichi, adani akenso ndi a kabichi. Masamba a kohlrabi ndi burokoli ayamba kukhala ndi timawindo toonekera, ndipo kunsi kwake kuli timbozi tobiriwira tija timati ukatikhudza timatakataka chobwerera m'mbuyo n'kulendewera pa ulusi. Nsabwe zotuwa zaunjikananso kunsonga za burokoli. Bedi la bitiruti ndi la chard, ngakhale ali pafupi pomwepo, palibe chawakhudza.

Nimu kuno kumapiri sachita bwino, ndi mtengo wa kotentha monga ku Salima ndi kuchigwa cha Shire. Chimene tili nacho ndi ombwe, umene ena amati katupe. Ndinasinja masamba okwana kilogalamu imodzi, ndinanyika m'malita 5 a madzi usiku wonse, ndinasefa ndi kansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa ka sopo kuti mankhwala amamatire pamasamba, pakuti masamba a banja limeneli amaterera madzi. Ndapopera madzulo, makamaka kunsi kwa masamba. Ndowa yake sinditsukira kumtsinje, chifukwa ombwe amapha nsomba. Ndipo ndidikira sabata yathunthu ndisanathyole tsamba lililonse pamabedi amenewa.

15 Juni

Swiss chard wafika m'mawondo. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, onyezimira, amakwinyamakwinya, ndipo mapesi ndi oyera, otambalala ngati zala ziwiri. Mlamu wanga amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg atangomuwona anati, "Alamu, uyu si sipinachi uyu? Ku Joni timadyera papa, nsima ya kumeneko, tsiku ndi tsiku." Ndiye mlendo wanga kwa anthu ena ndi ndiwo za masiku onse.

Ndinathyola masamba akunja okhaokha, atatu pa mtengo, mtima ndinausiya. Ndinaphika mitundu iwiri. Mphika woyamba ndinangofwafwaza ndi tomato ndi mchere: anakoma, koma amasiya kakukhakhala pamano ndi kafungo ka dothi, monga achitira bonongwe wokhwima. Mphika wachiwiri ndinatendera. Ndinayamba ndaika mapesi odulidwa ting'onoting'ono chifukwa amachedwa kupsa, patapita mphindi 5 masamba, kenaka tomato, pomaliza nsinjiro. Chidulo sichinafunike, amafewa yekha. Apa ndiye zinthu zinakhala m'malo. Nsinjiro zinaphimba kukhakhala kuja, ndipo mapesi anapatsa thendolo potafuna. Amayi anamutcha bonongwe wonenepa, ndipo dzinalo lakhazikika pakhomo pano.

Ndikuona kale kuti ameneyu akhalitsa. Repu amavutika ndi nsabwe nthawi yomweyi, pamene chard ali phee.

28 Juni

Usiku wa dzana kunagwa chisanu m'dambo. Kuno tili pamtunda, boma la Dedza lili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo mphepo yozizira usiku imatsetserekera kumadimba. M'mawa udzu unali mbuu. Tomato wanga wapsa nsonga zonse. Alendo onse 6 otsala ali chilili ngati palibe chachitika.

Ndawokera liki, mbande 40, atakwanitsa masabata 10 ndi theka panazale. Pano ndiye wasiyana ndi mbale wake. Anyezi timamudzala pamwamba kuti mutu ukule poyera, koma liki sachita mutu, chodyedwa ndi tsinde loyera, ndipo limayera pokhapokha likabisika ku dzuwa. Ndabowola mayenje akuya masentimita 15 ndi kamtengo, ndaponyamo mbande, n'kuthira madzi osakwirira. Dothi lizigweramo lokha pang'onopang'ono.

Kohlrabi anayamba kutupa masabata atatu apitawo. Tsiku loyamba mtima unagunda, chifukwa pa kabichi kutupa kumatanthauza matenda a mizu. Koma kutupa uku kuli pamwamba pa dothi, ndi tsinde lenilenilo limene likufufuma, ndipo mapesi a masamba akuchokera pa mpirawo. Bambo oyandikana nawo aja anandilangiza kuti ndibandire ngati kachewere. Ndinabandira mitengo 4 yokha kuti ndione. Lero ndafukula: iwiri yayamba kuola khungu pamene panakhudza dothi lonyowa. Kohlrabi sabandiridwa. Bambowo ndawaonetsa ndipo avomereza.

5 Julayi

Lero ndi tsiku limene ndakhala ndikulidikira chigulire paketi ija. Padutsa masiku 82 chifesereni, 53 chiwokerereni. Pa paketi analemba kuti adulidwe akafika masentimita 5 mpaka 7 m'mimba mwake. Ndinadula atatu: wina ngati dzira la nkhuku, wina ngati lalanje laling'ono, wina wamkulu kuposa onse, ngati chibakera cha abambo a ana. Mpeni umafunika wakuthwa, pakuti tsinde la pansi pa mpirawo ndi lolimba ngati mtengo.

Ndinasenda khungu. M'kati ndi moyera mokhala ngati mwabiriwira pang'ono, monyowa. Ndinaika kachidutswa m'kamwa ndili chiimire m'dimba momwemo, ndipo ndinangoti zii kwa kanthawi. Kukoma kumeneku ndimakudziwa. Tili ana, amayi akamadula kabichi, ine ndi mng'ono wanga tinkakhala pambali kudikira mtima wa kabichi, kachitsa koyera kam'kati kaja. Amayi ankakasenda n'kukadula pakati kuti tisalimbane, ndipo kankatha tisanakhute. Kohlrabi ndi kachitsa komweko, koma kokula ngati lalanje, kotsekemera kuposa, kopanda ulusi. Kwinakwake kunali anthu amene ankakonda kachitsako monga tinkachitira ife, mpaka anasankha mbewu mibadwo ndi mibadwo kuti chomera chonse chikhale kachitsa kokhakokha.

Ndinathamangira nacho kunyumba. Amayi atalawa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Paja iwe ndi mng'ono wako munkalirira zimenezi." Sindinawauze kanthu, anakumbukira okha. Mng'ono wangayo anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo tinakhala pakhondepo nthawi yaitali tikumukamba.

Pa atatu aja, wamng'ono ndi wapakati anali ofewa mofanana. Wamkuluyo m'munsi mwake munayamba ulusi. Ndiye muyeso wanga ndi lalanje laling'ono, ndisadikire kuposa apo.

Za kuphika, tinawerenga kuti ku Kashmir, kumene kohlrabi ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku, amaphika mpira ndi masamba ake mumphika umodzi n'kudyera mpunga. Ndinatsata nzeru imeneyo mwa kwathu. Ndinakazinga anyezi ndi tomato, ndinaikamo kohlrabi wodulidwa ngati tchipisi tating'ono, madzi pang'ono, ndipo atayamba kufewa ndinathira masamba ake odulidwa ngati repu. Mphindi 15 zonse pamodzi. Ndi nsima zinagwirizana popanda wokakamiza. Masambawo amakoma ngati repu wokhuthala, ndipo timagawo ta mpira timamwa msuzi wa tomato. Mawa ndiyesa kuika mu nyemba. Akuti wamuwisi ali ndi vitamini C wofanana ndi wa lalanje, ndiye ana ndiziwasendera popita kusukulu.

Bambo oyandikana nawo ndawapatsa awiri. Abweranso madzulo kudzafunsa ngati mbewu inatsalako.

14 Julayi

Tinali kumaliro ku Ntcheu masiku 4, ndipo dimba silinathiriridwe mokwanira. Nditabwera ndinathira madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo kohlrabi 6 ang'ambika. Akadali odyeka, koma sangasungike. Madzi amafuna a tsiku ndi tsiku, osati njala lero phwando mawa.

Bitiruti ndazula 8. Ndinawiritsa osasenda, ndi kachitsa ka masamba ndi mchira wake zili pomwepo, chifukwa ukadula asanapse utoto wonse umathera m'madzi. Anatenga mphindi pafupifupi 45, kenaka khungu linangosupuka ndi chala. Ndi wotsekemera kuposa karoti, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti ku Ulaya shuga wambiri amapangidwa kuchokera ku mbale wake woyera, osati ku nzimbe monga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Koma pansi pa kutsekemerako pali fungo lina. Mwana wanga wamkazi ndiye analitchula bwino: fungo la dothi pa tsiku la chizimalupsa. Titafufuza tinapeza kuti sanaphonye. Chimene chimanunkhira mvula yoyamba ikagwa pa dothi louma chimatchedwa geosmin, ndipo chimapezekanso mu bitiruti. Ine ndalikonda. Abambo a ana akuti akumva ngati akudya munda.

Ndi nsima sakuyenda, kutsekemera kwachuluka. Ndi mpunga, atadulidwa n'kuthiridwa mandimu ndi anyezi, ali bwino. Masamba ake ndinatendera ngati chard ndipo kusiyana kwake n'kochepa, kungoti thendo limafiira.

15 Julayi

Ichi ndilembe kuti ena chisadzawadzidzimutse. M'mawa mnyamata wanga anabwera akunjenjemera, akuti mkodzo wake wafiira. Maganizo anga anathamangira ku likodzo, poti anyamatawa amasambira m'madamu. Ndinapita naye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu. Atamva zimene tinadya dzulo, anatiuza kuti utoto wa bitiruti umatuluka ndi mkodzo mwa anthu ena, ndipo umatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Anati tisadye bitiruti masiku atatu, ndipo kufiirako kukapitirira tipite kuchipatala kukayezetsa. Pofika madzulo mkodzo unali utayera.

Anthu ambiri amati bitiruti amawonjezera magazi chifukwa ndi wofiira. Kufiirako ndi utoto chabe, wa mtundu womwe uli mu bonongwe wofiira. Ayironi wambiri ali m'masamba kuposa mu muzu, ndiye wofuna magazi asataye masamba.

29 Julayi

Apa chibale chandisocheretsa. Kabichi amadikira: mutu ukakhwima ukhoza kukhala m'munda sabata ina osawonongeka. Ndinayesa burokoli ndi chimodzimodzi. Mitu inafika kukula ngati chikhatho changa, yothina bwino, koma ndinati ikuleko. Patangopita masiku 5, mitu 3 inamasuka n'kuchita maluwa achikasu. Chimene timadya pa burokoli ndi maluwa osamasula, ndipo duwa silidikira munthu. Mitu 9 yotsalayo ndadula lero lomwe.

Pophika ndinalakwitsanso ulendo woyamba. Ndinamusiya pamoto nthawi ya kabichi, ndipo anaphwanyika n'kutuwa, fungo lake losakoma. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndamunyika m'madzi a mchere, ndipo timbozi 4 tinayandama kuchokera m'kati mwa mutu. Kenaka ndinawiritsa mphindi 4 zokha n'kukazinga ndi mazira. Anakoma ndithu, ndipo tsinde lake likasendedwa ndi kohlrabi weniweni. Komabe ndikawerengera malo, manyowa, madzi ndi ombwe amene wadya, mitu 12 pa bedi lonse ndi yochepa. Pabedi ngati lomwelo chard ndathyola kale kasanu ndi kamodzi.

10 Ogasiti

Ndinatenga dengu kupita nalo pamsewu wa M1, pamene amayi anzanga amagulitsa kachewere ndi kabichi kwa a magalimoto. Bitiruti anatha ola limodzi lisanakwane, a m'tauni amamudziwa. Chard anayenda nditayamba kumutchula kuti sipinachi. Kohlrabi anthu ankangomunyamula, kumutembenuza, n'kumubwezera. Nditaona choncho ndinasenda mmodzi n'kumapatsa aliyense kachidutswa pa nsonga ya mpeni, ndikunena kuti, "Lawani, ndi mtima wa kabichi." Mwa anthu amene analawa, ambiri anagula. Mayi wina wa ku Blantyre anatenga 5. Amayi anzanga akuti ndikayese ku Lizulu tsiku la msika, koma otsalawo ndi ochepa, ndipo akulirakulira. Amene ndinawasiya dala kuti ndione mapeto ake afika ngati mutu wa mwana wakhanda, ndipo m'kati ndi nkhuni, mpeni ukuchita kukana.

Burokoli amene ndinadula mitu watulutsa timitu ting'onoting'ono m'mphanda za masamba. Ndikuthyola mbale imodzi pa sabata. Zachepetsako dandaulo langa.

24 Ogasiti

Fennel walephera, ndipo chifukwa chake chikuoneka poyera. Mfunda wake ndinaudziwa kuyambira pachiyambi, ndi wa kwa karoti, ndipo karoti sawokeredwa. Onse amene ndinawawokera pa 4 Meyi athamangira kumwamba n'kuchita maluwa osatupa m'munsi. Mwa amene sanasunthidwe, 5 okha ndiwo apanga timitu toyera, tophwatalala ngati chikhatho cha mwana.

Fungo lake ndi lamphamvu, lotsekemera ngati la mankhwala ena a chifuwa. Wamuwisi palibe anamufuna pakhomo pano. Nditamukazinga nthawi yaitali ndi anyezi fungo linatsika, ndipo mu usipa anakhalako bwino, koma palibe wapempha kuti ndibwerezenso.

Sindinazule amaluwawo. Ndaona kuti pa maluwa ake achikasu, otambasuka ngati ambulera, pamadzaza njuchi ndi tizilombo tija tofiira ta madontho akuda, timene timadya nsabwe za m'masamba. Repu wa bedi loyandikana nalo nsabwe zachepa. Chaka chamawa fennel ndidzamudzala m'mphepete mwa dimba chifukwa cha ntchito imeneyi, osati ya mumphika.

8 Seputembala

Kwayamba kutentha ndipo chitsime chatsika ndi mkono wathunthu. Nkhani tsopano ndi ya mbewu, chifukwa ndiwo imene sungathe kusunga mbewu yake imakhala ya mwini sitolo.

Radishi wabereka timatumba tosongoka, tauma, ndipo ndapukusa njere zodzaza kabotolo kamodzi. Burokoli wa maluwa uja sindisunga mbewu yake: pa paketi panalembedwa F1, kutanthauza kuti ndi wa haibulidi ndipo ana ake safanana ndi kholo, monga zimakhalira ndi chimanga cha haibulidi. Bitiruti, chard, kohlrabi ndi liki ndi mbewu zimene zimachita maluwa m'nyengo yachiwiri, zikadutsa kaye m'kuzizira kokwanira. Ndasiya bitiruti 4 ndi kohlrabi 4 m'dothi, ndawaphimbira ndi udzu, kuti tione ngati chisanu cha ku Dedza chawakwanira. Kohlrabi akadzachita maluwa ndidzayenera kuonetsetsa kuti palibe kabichi kapena burokoli wamaluwa pafupi, pakuti njuchi zimawakwatitsa mosavuta, poti ndi amodzi. Chimodzimodzinso bitiruti ndi chard, amene amakwatitsidwa ndi mphepo.

Chard akubereka kuposa mmene tingadyere. Ndayesa kufutsa: ndinachotsa mapesi, ndinawiritsa masamba pang'ono, n'kuyanika pamphasa masiku atatu. Mfutso wake wauma bwino, wakuda ngati wa khwanya.

21 Seputembala

Wotsiriza ndi liki, patatha masiku 160 chifesereni. Ndinamubandira kawiri mu Ogasiti. Ndazula 6, onenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, mbali yoyera yotalika ngati chikhatho. Dothi limalowa pakati pa masamba, ndiye ndinang'amba chamutali n'kutsuka kawiri. Podula salizitsa misozi. Ndi anyezi wofatsa, ndipo akapsa amasungunuka n'kukhuthalitsa msuzi. Ndinaphika ndi kachewere wa konkuno, madzi ochepa, mchere ndi supuni ya mafuta. Amayi, amene mano anawathera, anadya mbale yonse n'kupempha ina. Otsala 34 akhoza kukhala m'dothi, ndizizula pofuna kuphika.

M'kope ndalemba za chaka chamawa: chard mabedi 2, kohlrabi mabedi 2 koma ofesedwa motalikitsa masabata atatu kuti asakhwimire pamodzi, bitiruti bedi limodzi la pamsewu, liki theka la bedi, radishi mzere umodzi pakati pa kabichi chifukwa cha masamba ake, fennel kumpanda. Burokoli ayambe wadikira. Bambo oyandikana nawo atenga theka la paketi ya kohlrabi imene inatsala, ndipo amayi awiri a pamsewu apempha mbande za chard.

Mmodzi mwa bitiruti 4 aja wayamba kutalika pakati, kamtengo kokhala ndi ngodya kakutuluka pamtima pake. Ndazikapo kamtengo kochirikiza, ndipo ndauza ana kuti mbuzi zisayandikire mbali imeneyo.